Voisi ya Leah

Ku Kachulu Leah ankadziwika ndi matemba ake ouma bwino, opanda mchenga. Anabadwira kwa Mwambo konko, sukulu analekeza sitandade seveni, ndipo geni ya nsomba anaiyamba asanakwatiwe. Ankapikula nsombazo mabwato akangofika, n'kuyanika pathandala, kenako n'kukagulitsa ku Zomba. Anzake amene anavinidwa nawo onse anali atasiya kale mayina awo: uyu amake Prince, uyo amake Wongani. Iye yekha anatsala Leah, mayi wamkulu ndithu, moti ngakhale tiana tinkamuitana ndi dzina.

Mwamuna wake, Fanuelo, anali msodzi wofatsa, woimba besi m'kwaya. Anakhala pabanja zaka zambiri osaona mphatso, ndipo abale a mwamunayo ankaloza chala Leah. Anamwa mizu yowawa, anakwera mapiri kukasala kudya, koma ayi ndithu. Potsiriza anapita onse awiri kuchipatala china m'tauni, ndipo adokotala anati vuto lili kwa bambo. Pobwerera, atayandikira kunyumba, Fanuelo anamupempha mkazi wake.

"Amayi, izi zikhale za m'nyumba mwathu. Ndagwira mwendo wanu."

Leah analonjeza, n'kupitiriza kusenza mlandu wosakhala wake.

Foni yamakono anaigula chifukwa cha makasitomala a ku Zomba, koma mwana wa mchemwali wake atamutsegulira Fesibuku, anayamba kuthera nthawi kumeneko. Poyamba zinkamusangalatsa. Kenako anaona kuti akangotsegula akukumana ndi makanda a anzake, mimba za anzake, maubatizo. Tsiku lina anaika chithunzi chake atavala chitenje chatsopano, ndipo mnzake wa kusukulu analemba pansi pake kuti, "Mwanenepatu asisi, kodi zatheka tsopano?" Anthu anaikapo tinkhope toseka. Leah anachichotsa chithunzicho.

Mayi wina wogulitsa tomato ku Zomba ndi amene anamulowetsa m'gulupu ya Watsapu yotchedwa Odikira Mphatso. Adimini wake anali Gloria, mayi wa mawu okoma wa ku Blantyre, yemwe ankatsogolera mapemphero komanso kugulitsa mankhwala azitsamba a m'mabotolo. Lamulo lake linali limodzi: za muno zithere muno. Munali amayi a ku Liwonde, a ku Phalombe, ena mpaka ku Joni, onse opanda ana. Ambiri sankalemba, ankajambula mawu awo n'kutumiza, amati voisi. Leah ankaika foni m'chitenje pafupi ndi khutu, n'kumamvetsera uku akutembenuza nsomba. Wina ankasimba mmene anamuthamangitsira kubanja, wina mmene ankabisalira m'chimbudzi kukakhala chikuta kwa aneba. Panali Nasra wa pachilumba cha Chisi, amene mwamuna wake anamukwatirira mkazi wachiwiri, koma ankaseketsa gulupu yonse ndi nkhani za mkazi mnzakeyo. Kwa nthawi yoyamba Leah anamva anthu akunena zimene iye ankangozimeza. Anayamba kuseka yekha pathandala, ndipo Fanuelo anati mkazi wake wabwerera utsikana.

Zinasokonekera pa chinkhoswe cha mlamu wake wa Leah. Leah ananyamula khanda la wachibale lomwe linkalira, ndipo apongozi ake aakazi anafuula kuchokera pamphasa.

"Mpatseni mwanayo wodziwa kunyamula! Winawe unaphunzirira kuti?"

Amayi anaseka. Fanuelo anamva, koma anangowerama. Masana omwewo Leah anapita kuseri kwa mathandala, n'kudina foni yake akulira.

"Asisi anga, ine ndatopa. Ine ndilibe vuto ayi. Adokotala ananena okha kuti ndi a Fanuelo, mbewu alibe. Mbewu alibe, koma wotukwanidwa ndine."

Mayankho anabwera ambirimbiri, ena akulira naye, ena akumupempherera. Leah anamva kupepuka m'mtima ngati watula mtolo wa nkhuni.

Gloria anatenga voisiyo n'kuiika pa tsamba lake la malonda pa Fesibuku, pamwamba pa chithunzi cha botolo, ndi mawu akuti abambo asachite manyazi, thandizo lilipo. Kuchokera pamenepo wina anaidula, n'kuikamo ng'oma, mawu awiri oti "mbewu alibe" akubwerezedwabwerezedwa ngati kolasi. Sabata isanathe inafika ku Kachulu.

Leah anali padoko akudikira nsomba pamene sipika ya pashopu yotchajitsira mafoni inayamba kulira ndi mawu ake. Anawazindikira mochedwa, chifukwa munthu sadziwa msanga mawu ake omwe. Anthu anatembenuka kumuyang'ana. Nthawi yomweyo bwato la Fanuelo linali likukocheza.

"Eee, a Mbewu Alibe afika!" anakuwa wopikula nsomba wina. "Lero mwagwira chiyani, akulu? Kapena ukondenso ulibe?"

Doko lonse linafa ndi phwete. Ena ankavina. Fanuelo anaima m'madzi ofika m'maondo, chingwe cha bwato chili m'manja, n'kumvetsera mpaka nyimbo inatha. Wa pashopu anaibwerezanso.

Kunyumba Fanuelo sanamumenye, sanakweze ngakhale mawu. Anapinda bulangete, n'kutenga poto mmodzi ndi ukonde wake.

"Munalonjeza, amayi."

"Ndimauza anzanga okha, abambo. Ndinapsa mtima. Mayi anu aja..."

"Anzanuwo ndi Malawi yense?"

Leah anagwada n'kumugwira mwendo. Fanuelo anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono, ngati akuchotsa nsomba mu ukonde, n'kutuluka. Anapita kukakhala ku zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pa mabango pakati pa nyanja.

Leah anafunsa Gloria m'gulupu muja chifukwa chake anachita zimenezo. Gloria anayankha ndi mawu ake okoma omwe aja.

"Mayi, umboni wanu wamasula mabanja ambiri. Nanga munanama? Mulungu sakonda zobisa."

Amayi amene analira naye aja anasintha. Wina anati mkazi wanzeru saika za kuchipinda pa foni. Wina anati n'chifukwa chake Mulungu sanamupatse. Leah akujambula yankho, anangoona kuti amuchotsa.

Mvula itayamba, kolera inabuka panyanja. Anzake a Fanuelo anasimba pambuyo pake kuti atadwala anakana kumutengera kumtunda. Ankati sakufuna kudutsa padoko atamunyamula, anthu akumuonerera. Pamene anamukweza m'bwato mokakamiza anali atafooka kale, ndipo anatsirizika asanafike. A zaumoyo anakulunga thupi m'pulasitiki, n'kuliika tsiku lomwelo. Leah sanaone nkhope yake.

Pamaliro apongozi aja anamuloza pamaso pa anthu. "Mwana wanga sanafe ndi kolera. Wamupha ndi pakamwa pako, mfiti iwe." Panali mafoni angapo m'mwamba akujambula. Madzulo ake chithunzi cha Fanuelo atavala yunifomu ya kwaya chinali paliponse pa Fesibuku, ndipo omwe ankavina padoko aja ndi amene analemba zambiri za ubwino wake. Wina analemba pansi kuti, "Wapita osasiya mbewu mkuluyu," ndipo amene anaseka anachuluka kuposa amene anamudzudzula.

Leah anatseka foni m'sutikesi. Anasiya kupita padoko. Nsomba ankachita kutuma anthu, ndipo nthawi zambiri ankamubweretsera zotsala.

Tsiku lina pakhomo pake panafika mayi wamfupi wovala mpango wakuda, atasenza kathumba ka mpunga. Atangopereka moni Leah anawazindikira mawuwo.

"Ndinu a Nasra?"

"Ndine amene. Ndinatuluka m'gulupu muja tsiku lomwe anakuchotsani. Ndakhala ndikuimba, foni yanu siikupezeka, ndiye ndangokwera boti."

Nasra sanamufunse chilichonse. Anatenga tsache n'kusesa pabwalo, anaphika, n'kudya naye mbale imodzi, chinthu chomwe aneba anali atasiya kuchita. Pochoka anati pali amayi ena awiri amene anatuluka nawo, Emma wosoka zovala ku Phalombe ndi Christina wogwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, ndipo anayambitsa kagulupu kawo.

"Mulibe adimini wogulitsa kanthu. Mukafuna kungokhala chete, khalani chete."

Panapita miyezi Leah asanavomere. Lero alimo. Amakamba za mitengo ya nsomba za makumba, za msana wa Emma, za abwana a Christina amene amawerenga magawo a buledi. Nasra atadwala malungo, Leah anawoloka nyanja koyamba m'moyo wake kukamudwazika. Koma voisi sajambula. Amalemba ndi chala chimodzi, mochedwa, molakwitsa, ndipo akamaliza amawerenga kawiri n'kufufuta theka. Emma anamufunsapo ngati amawakhulupirira. Leah anayankha kuti sakudziwa, ndipo anzakewo sanakwiye.

Geni anaiyambiranso. Mwezi wathawu ali m'minibasi yopita ku Zomba, dengu la matemba lili pamiyendo, bambo wina wovala tayi amene anakhala naye pafupi anayamba kuseka yekha ndi foni yake. Anali mlendo kuderali, mwina wa ntchito za boma kapena za bungwe. Anavula kachingwe ka kukhutu kuti onse amve, ndipo ng'oma zija zinayamba. A ku Kachulu amene anali m'galimotomo anayang'ana kunja. Bamboyo anamugunda Leah ndi chigongono.

"Mayi, munaimva iyi? Akuti ndi wa kwanu kuno mzimayi ameneyu. Koma akazi enanu, ayi! Mukumudziwa?"

"Ndinaimva," anatero Leah.

"Nanga mwamunayo akadali naye?"

"Anamwalira."

"Aa, pepani," anatero bamboyo, n'kutsitsa voliyumu pang'ono. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaitumiza kwa mnzake.