Galasi Limene Silinkawaona Apongozi Anga

Galasi lija ndinalipanga ndekha, ndipo mpaka lero likadali pakhoma m'kanyumba kanga kometera. Amene akufuna kuphwanya galasi akagule lake, akaphwanye limenelo.

Ine ntchito yanga ndi yometa. Ndinabadwira ku Malawi kumene makolo anathawira nthawi ya nkhondo, tinabwerera kutsidya lino la nyanja ndili wamng'ono, ndipo nditakula ndinakwatira m'mudzi wina wa asodzi cha ku Lunho. Ndine mkamwini tsono, ndipo anthu a kuno amafuna mkamwini azimeta mitu pakamwa pali chotseka. Koma ine manja anga sakhala phee. Chinthu chilichonse chakufa chokhala ndi mawaya ndimachitsegula kuti ndione chinachipha n'chiyani.

Mnzanga wokonza mafoni ku merikado, msika wa ku Metangula, anandipatsa tabuleti yong'aluka pakona, imene mwini wake anaitaya. Ndinabwera nayo, n'kutenga galasi la windo, n'kulimata pepala lonyezimira lija amamata m'mawindo a machapa, maminibasi athu a kuno. Tabuleti ndinaiika kumbuyo kwake, zonse n'kuzitsekera m'bokosi la matabwa a bwato lakale. Ikazima, munthu umangodziona nkhope ngati pa galasi lililonse. Ikayaka, pakona pamatuluka nthawi, tsiku ndi mphepo ya mawa. Asodzi anayamba kubwera ndi mitu yometa kale, kudzangoona ngati mwera ukubwera.

Vuto linali batire. Kwathu kuno timadalira sola, ndipo galasilo linkadya moto ngati mlendo wosadziwa manyazi. Tsiku lina makina ometera anandizimira pamutu pa mphunzitsi, mbali imodzi mpala, mbali inayo tchire. Anatuluka atavala chipewa changa, akunditukwana m'Chipwitikizi.

Ndiye ndinachotsa kasensa pa nyale ya sola yakufa, ija imayaka yokha munthu akadutsa. Ndi kanthu koyera, kozungulira ngati theka la dzira la nkhunda, ndipo kamamva kutentha kwa thupi likamayenda. Ndinakalumikiza kuti munthu akalowa galasi liziyaka, akachoka lidikire pang'ono n'kuzima. Zinatheka, ndipo ndinavina ndekha m'kanyumbamo. Koma nkhuku za aneba nazo zinkalowa, galasi n'kumaziuza nthawi ndi mphepo ya mawa. Ndinakwiya, ndinakakweza kasensako pamwamba pa galasi, theka lake lam'munsi n'kulimata tepi yakuda kuti kaziona kuyambira m'chiuno mwa munthu kupita m'mwamba. Nkhuku zinatheratu ulemu, batire linapuma, ine n'kuiwala za tepiyo.

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, ndi amasiye ndipo amagulitsa zitumbuwa. M'mawa uliwonse popita ku gombe ndi beseni lawo ankandisiyirako ziwiri kapena zitatu m'kambale. Iwo ndi a kale. Sangalowe choimirira pamene pali mkamwini wawo, ndipo sangandiyang'ane m'maso. Ankafika pakhomo, n'kugwada cham'mbali, n'kusendera ndi maondo pang'ono, kambale n'kukankhira mkati nkhope ili kumbali. Ankapereka moni kwa mphuthu ya chitseko, ine n'kuyankha ndikuyang'ana makina anga.

Loweruka lina pampando panali bambo wina mwini makoka, mkulu wa mpingo wathu, munthu wolankhula ngati aliyense ndi wogontha. Galasi linali litazima chifukwa ine ndinali pambali kunola lumo, iwo atakhala duu. Apongozi anafika, anagwada, anasiya kambale, anapita. Galasi lili bii.

"Ha! Mwaona?" anatero bamboyo. "Limayakira aliyense, ngakhale woledzera, koma mayi awa ayi. Silikuwaona!"

Anthu pabenchi anaseka. Inenso ndinaseka. Ndikulemba pano kuti ndinaseka, chifukwa zimandiwawa mpaka lero.

Ndinaiwala kuti apongozi angawo anthu ankawanena kale. Amuna awo anafera m'nyanja, ndipo patapita nthawi mwana wawo wamwamuna anapitanso momwemo. Kuno mayi wokalamba akatsala yekha chotero, pamangofunika kamwala kamodzi kuti anthu amugende. Ndipo galasi kwathu kuno si chinthu wamba. Mvula ya mphezi ikamabwera timaliphimba ndi chitenje, ndipo aliyense anamvapo za asing'anga oona mfiti pa galasi. Sabata isanathe nkhani inali itafika ku gombe: galasi la wometa lawakana mayi aja. Beseni linayamba kubwerera lodzaza. Ana anawaletsa kulandira chitumbuwa ngakhale chaulere. Kochapa, amayi ankasuntha zovala zawo iwo akafika. Pakhomo panga anasiya kufika.

Mkazi wanga analira. "Phwanyani chigalasi chanucho, mwawaphera dzina amayi!"

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, mwini makoka uja anabwera ndi akuluakulu ena awiri. Anati galasi lichoke chifukwa Mkhristu sasunga galasi la maula. Anatinso a banja aganize zopita nawo mayiwo kwa munthu wina wa ku Maniamba, akawaone. Taonani, pakamwa pomwepo pakuletsa maula, pomwepo pakutumiza anthu kwa sing'anga!

"Sindiphwanya," ndinatero.

"Iwe ndiwe mkamwini pano," anatero mwini makoka.

"Ndine mkamwini, inde. Galasi si lachikamwini, ndi langa."

Sikunali kuuma mutu chabe. Ndikanaliphwanya akanati ndabisa umboni, ndipo apongozi akanafa ndi dzina limenelo. Koma kunena zoona, chifukwa chimene silinawayakire sindinkachidziwa. Ndinatsegula bokosi, ndinayesa waya uliwonse, zonse zili bwino. Lachitatu ndinakhala pansi pakhomo kudya chinangwa, mutu ukuwawa. Nkhuku ina inandidutsa, inalowa, inazungulira mpando ngati ikufuna kumetedwa, galasi osayaka. Ndinayang'ana nkhuku, ndinayang'ana m'mwamba, ndinaona tepi yakuda ija. Mayo ine! Mfiti inali ine ndi tepi yanga.

Ndikanatha kungoimatula mwakachetechete. Ayi. Zinayambira pagulu, zinayenera kuthera pagulu.

Loweruka mwini makoka anabwera monga mwa nthawi zonse, chifukwa wometa wina ali kutali. Benchi linali lodzaza, ndipo amayi obwera ku gombe anaima panja ndi madengu awo. Ndinapempha onse atuluke, inenso ndinatuluka, tinadikira mpaka galasi linazima.

"Bambo," ndinatero, "lero mulowe mmene amalowera apongozi anga. Gwadani."

"Wapenga? Ine ndigwadire mkamwini?"

"Musagwadire ine, gwadirani galasi. Kapena mukuopa kuti likukanani?"

Msodzi wina kumbuyo anati, "Eetu, akuopa chiyani?" Wina anaombera m'manja. Bamboyo anayang'ana uku ndi uku, thukuta lili kamukamu pamphumi, n'kuona kuti akakana nkhani isamukira kwa iwo. Anakweza thalauza, anagwada ndi kubuula, anasendera mkati ndi maondo. Galasi lili bii. Anagwedeza mutu, anatsokomola, galasi lili bii.

"Silikukuonani, bambo," ndinatero mokweza kuti a panja amve. "Tsono ku Maniamba tipite nanu liti? Chapa cha mawa?"

Kuseka kwake! Mayi wina anagwetsa dengu la usipa. Bamboyo anadzuka mwaukali, ndipo atangoimirira galasi linati ngwee, n'kuwaonetsa nkhope yawo yotupa ndi mphepo ya mawa pambali. Ndinakwera pampando, ndinamatula tepi ija, n'kuionetsa kwa onse. Ndinawauza kuti kanthu aka kamaona okhawo olowa choimirira, ndipo m'mudzi monse muno munthu mmodzi yekha ndi amene anali ndi ulemu wolowa chogwada. Mwini makoka anapita osameta, ndipo mpaka lero amakwera njinga kukametetsa kwina. Ayende bwino.

Tsiku lomwelo kasensa ndinakatsitsa, ndinakakhomera m'munsi, pa msinkhu wa bondo. Tsopano galasi limayakira nkhuku, abakha, galu wa aneba, mwana wokwawa. Batire limatha msanga, ndipo masana ena ndimameta ndi sizasi. Anzanga amati ndikabwezere m'mwamba. Ndimawauza kuti akapange lawo.

Zitumbuwa zinayambanso kugulidwa, pang'onopang'ono, poyamba ndi ana. Koma apongozi pakhomo panga sanabwere. Sabata inatha, ina inatha. Ndinkafunsa mkazi wanga, iye n'kumangoti, "Ali bwino." Ine mumtima ndinkadziona ngati ngwazi yosayamikidwa, ndipo ndinayamba kunyansidwa nazo.

M'mawa wina ndikumeta msodzi, ndinamva beseni likutera pansi. Anali iwo. Anagwada cham'mbali monga kale, ndipo asanakankhe n'komwe kambale, galasi linali litawaona kale. Sanaliyang'ane. Analankhula ndi mphuthu ya chitseko, motsitsa mawu.

"Za galasi ndinamva, bambo. Zikomo. Galasi ndi chinthu, silidziwa kanthu." Anagwira m'mphepete mwa kambale. "Koma tsiku lija ndisanafike patali, ndinamva kuseka. Mawu anu ndimawadziwa."

Makina anali akulira m'dzanja langa. Ndinawazimitsa, msodzi ndinamusiya ndi mutu wa theka, ndinapita pakhomo n'kugwada pa dothi, cham'mbali, nkhope kumbali monga amachitira iwo. Pabenchi panali anthu, panjira pankadutsa anthu.

"Ndinalakwa, amayi. Ndikhululukireni."

"Dzukani, bambo," ananong'ona. "Anthu akuona."

"Aone," ndinatero, ndipo sindinadzuke mpaka iwo atakankhira kambale kaja m'manja mwanga.