Kompyuta Inakhala Chete, Apongozi Anakwera Boti

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kumiza apongozi anga m'nyanja ya Chilwa, ndipo chida chimene ndinagwiritsa ntchito ndi ulemu. Musaseke. Mbuzi imene anali nayo m'boti tsiku limenelo ilipo mpaka lero, wokayika akaifunse.

Ndine mkamwini kwa Kuntumanji, ndipo ndimagwira ntchito padoko, m'kaofesi ka komiti ya eni maboti. Kaofesiko n'kakang'ono moti ndikafuna kuyasamula ndimayamba ndatuluka panja. Muli tebulo, batire ya sola ndi laputopu yokhala ndi detabesi, momwe timasungamo manambala a foni a onse oyendetsa maboti opita ku chilumba cha Chisi. A zanyengo akatichenjeza kuti kukubwera mwera, ndimatsegula chiwindo chakuda chimene ndimalankhulira ndi detabesiyo, n'kuyendetsa malamulo amene ndinalemba kalekale. Loyamba limatulutsa manambala. Lachiwiri limatuma kapulogalamu kena ka kunja kwa detabesi kuti katumize mauthenga kudzera pa modemu, kachipangizo kothwanima kosomeka kumbuyo kwa laputopu. Lomaliza limalemba kuti ATUMIZIDWA.

Tsoka linabisala pa lachiwiripo. Kapulogalamu kotumizako sikalankhula. Kakamaliza ntchito kamangobweza nambala imodzi: ziro ngati zayenda, nambala ina iliyonse ngati zakanika. Koma chiwindo changacho, mmene chinalili nthawi imeneyo, chinkalandira nambalayo n'kuitaya osandionetsa, n'kupitirira kukalemba kuti ATUMIZIDWA. Zili ngati kutuma munthu kumsika, iye akubwera chimanjamanja kuti akufotokozereni, inu mwatseka kale chitseko ndipo mukuuza alendo kuti ndiwo zafika. Ine sindinkadziwa. Ndinkangoti chete ndiye kuti mtendere.

Loweruka lina m'mawa chenjezo linabwera. Ndinayendetsa malamulo anga, mawu aja anaoneka, ndipo ndinatuluka kukagula zitumbuwa mtima uli mbee. Panjira ndinaona apongozi anga akubwera atavala chitenje chatsopano, akukoka mbuzi. Ankapita ku Chisi ku chinkhoswe cha mwana wa achimwene awo.

Mukudziwa mwambo wathu: mkamwini sakumana maso ndi apongozi ake, ndipo salankhula nawo ngati anzake a pabawo. Ndinadumphira m'munda wa chinangwa. Ndinabisala mwaluso moti mwini munda akanabwera akanandipalira. Ndili chigonere mmenemo, mtima unandiuza kuti ndifuule, ndiwauze za mphepo. Koma ndinadziyankha ndekha kuti a Jafali, oyendetsa botilo, alandira kale uthenga, sanyamuka, ndipo apongozi abwerera okha popanda ine kuswa mwambo. Anadutsa. Mbuzi yokha ndiyo inandiona, ndipo inandiyang'ana moipa.

Nditabwerera ku ofesi ndinapeza a Tcheya a komiti akutulutsa foni yawo m'dilowa. Chingwe chake chinali chosomekedwa kumbuyo kwa laputopu, pamalo penipeni pa modemu.

"Yadzaza bwino, mwana wanga," anatero. "Ndinaiika mbandakucha. Kanthu kanu kothwanimako ndakusungirani m'thumba muno, anthu akuba masiku ano."

Apo ndinazindikira kuti palibe uthenga umene unapita. Ndinathamangira kumadzi. Boti la a Jafali linali kale kadontho kutali. Ndinawaimbira, foni inangolira mpaka kutopa. Pafupi ndi injini ija munthu sangamve ngakhale lipenga lomaliza. Ndinabwerera ku ofesi, n'kusomeka modemu, n'kuyendetsanso malamulo aja; mauthenga anapita, maboti otsala anakhala. Kenako mwera unafika. Unaomba mwakuti tambala wa a Tcheya anauluzidwa mpaka ku Mozambique, ndipo pobwera ankalira m'Chipwitikizi. Mboni zilipo.

Apa pokha ndisiye nthabwala. Mkazi wanga anafika padoko akuthamanga, mwana kumbuyo. Anandifunsa funso limodzi: "Bambo a Chisomo, mayi munawaona?" Ndinavomera. Sanandikalipire. Anakhala pansi pamchenga n'kumayang'ana madzi amene anali atasanduka matope oyenda, ndipo ine ndinaima chapatali, osadziwa koika manja. Ndinaganiza za gogo wa ana anga, amene anandipatsa malo omangapo nyumba ndili mlendo wopanda ngakhale khasu. Ndinali nditawaona ndi maso, ndili ndi pakamwa, koma ndinasankha chinangwa.

Dzuwa litapendeka, mphepo itagwa, msodzi wina anafika pa bwato ali ndi nkhani. Injini inazima, mafunde anakankhira botilo m'njedza, udzu wautali wa m'nyanjamo, madzi n'kuyamba kulowa. Anthu analira, Akhristu ndi Asilamu akupemphera mopikisana. A Jafali anatsanzika onse, nadziponya m'madzi kuti ayese kukankha boti ngakhale afere pomwepo. Anangoima. Madzi ankawalekeza m'chiuno. Chaka chimenecho nyanja inali itaphwa kwambiri, ndipo ndi nthawi yoyamba kuti ndithokoze chilala. Asodzi okhala pa zimbowera, tinyumba tawo toyandama tija, anawatenga onse n'kuwapatsa tiyi. Palibe anafa. Mbuzi inatuluka itanenepa, chifukwa nthawi yonse imene anthu ankapemphera iyo inkadya njedza.

Ndinangokhala pansi pafupi ndi mkazi wanga, iye akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Lolemba ndinaimbira mayi wa ku Zomba amene anatiikira kompyutayo. Iwo ndi amene anandifotokozera za nambala ija. Anati pulogalamu yatsopano ya chiwindocho siitayanso, imaisunga pamalo poti munthu angaifunse. Anabwera n'kuiika. Tsopano malamulo anga amayamba afunsa. Ikakhala ziro, alembe kuti ATUMIZIDWA. Ikakhala ina, alembe kuti ZAKANIKA m'zilembo zoti munthu angawerenge ali ku Songani, ndipo aime pomwepo. Ndinayesa pozula modemu ndekha, ndipo kompyuta inandineneza nthawi yomweyo. Sindinasangalalepo chotero ndi kunenezedwa.

Choncho inu owerenga, makamaka inu amene mumalemba malamulo a makompyuta, mukatuma pulogalamu ina, funsani zimene yabwera nazo musanalembe kuti zatheka. Mawu amene munalemba nokha akakuonekerani, si umboni. Ndi inu nomwe mukudzivomera. Yesaninso dala tsiku labata, muone ngati chinthucho chimadziwa kunena kuti chalephera.

Langizo lomaliza si langa. Apongozi atabwerako ku Chisi anaima kuseri kwa nkhokwe, ine kuseri kwa bafa, monga mwa mwambo. Aliyense ankayembekeza kuti alankhula kudzera mwa mwana wawo. Koma anakweza mawu okha, mudzi wonse ukumva.

"Akamwini! Ulemu wanu ndauona, ndi wambiri. Koma tsiku lina mukadzandiona ndikulowera kumadzi, mudzafuule. Ndidzakukhululukirani ndili wouma."