Kalasi ya m'chigafa

Ntchito yanga yoyamba inandipeza nditatopa kale ndi kudikira. Nditamaliza ku koleji ya aphunzitsi ndinakhala kwathu kwa Mwase ndikugulitsa tomato wa amalume pamsika, mpaka amayi a pamsikapo anayamba kunditchula "aphunzitsi a tomato". Tsiku lina mnzanga wa ku koleji anandiimbira foni kuti boma latilemba, ndipo ine anditumiza ku sukulu ina ya pulayimale kupitirira Chamama, pakati pa maesiteti a fodya. Ndinamanga matiresi ndi ndowa pa njinga n'kunyamuka, chimwemwe chitadzaza tsaya.

Ndisanazolowere n'komwe fumbi la choko, anzanga anandisankha kukhala woimira sukulu yathu ku bungwe la aphunzitsi. Musaganize kuti anaona nzeru mwa ine. Anaona njinga ndi miyendo yatsopano, chifukwa iwo msewu wa ku Chamama unali utawakwana. Mphunzitsi wamkulu, bambo Gondwe, anandigwira chanza akuseka: "A Mwale, mpando uwu ulibe malipiro. Uli ndi fumbi basi."

Kwa amene simuidziwa, ntchito ya woimira imayenda motere. Aphunzitsi a pasukulu amakhala pansi n'kunena zowawawa: nyumba zodontha, kukwezedwa pantchito kochedwa, mabuku osakwana, ana ochuluka m'kalasi imodzi. Woimira amanyamula nkhanizo kupita nazo ku msonkhano wa zoni, komwe kumakumana oimira masukulu onse oyandikana. Kumeneko aliyense amafotokoza zake, kenako wapampando amafunsa kuti, "Ndi masukulu ati ali ndi vuto ngati limeneli?" Manja amakwezedwa. Nkhani zamanja ambiri ndi zimene zimapita ku komiti ya boma lonse, ndipo komitiyo ndi imene imakakhala pansi ndi akuluakulu a zamaphunziro. Njira imeneyi si yopusa. Bungwe likapita ndi madandaulo odzaza thumba, akuluakulu amangogwedeza mutu, osachitapo ngakhale chimodzi. Ine ndinkaikhulupirira ndi mtima wonse.

Pasukulu pathu zipinda zinali zosakwana, choncho ana a Sitandade 3 ankaphunzirira m'chigafa chakale, chisakasa choyanikamo fodya wa bale, chimene mwini esiteti yoyandikana nafe anatibwereka. Chinali cha mapanda a mitengo, mitanda yolemera pamwamba, ndi denga la udzu lomwe linali litada ndi mvula ya zaka zambiri. Bolodi tinkaimangirira ndi luzi pa phanda lapakati. Kukatentha, m'kati munkanunkhabe fodya. Ana ambiri a m'kalasimo anali a matenanti, mabanja ochokera kumaboma ena amene amabwera kudzalima fodya wa eni esiteti n'kubwerera akagulitsa. Makolo awo sankakhala nawo mu komiti ya sukulu. Anali alendo, ndipo mlendo pamsonkhano wa eni mudzi amakhala kumbuyo.

Mphunzitsi wa kalasiyo anali mayi Kamanga, munthu wa mawu ochepa amene anali atatsala pang'ono kupuma pantchito. Tsiku lina anandiitana nthawi ya buleki, anatenga dasitala n'kugogoda nayo phanda limodzi. Linalira ngati chitini chopanda kanthu. Analowetsa chala m'munsi mwake ndipo munatuluka dothi ndi chiswe.

"Mwana wanga, mitengo iyi yaima ndi chizolowezi chabe," anatero.

Tinapita kwa bambo Gondwe. Iwo sanali munthu woipa, koma anali ndi mantha a munthu amene wakalambira m'boma. "Kutseka kalasi popanda chilolezo cha ku ofesi, mukufuna andichotse? Nanga mwini esiteti akamva kuti tikunyoza chigafa chake, mpope umene timatungako madziwo atipatsanso? Nkhaniyi ipititseni ku bungwe, ndi ntchito yake." Ndiponso anawo akanapita kuti? Kudera limenelo mitengo inatha kalekale ndi zigafa zomwezo. Mtengo umodzi wa mango umene unatsala pabwalo unali kale kalasi ya Sitandade 1.

Msonkhano wa zoni unagwa mu Novembala, anthu akudikira mvula yowokera fodya. M'mawa wa tsikulo mayi Kamanga anandipatsa chibenthu cha phanda lija m'jumbo. "Pakamwa pokha sakamva. Mukawaonetse."

Ndinawaonetsa ndithu. Itakwana nthawi yanga ndinaika chibenthucho pa tebulo la wapampando, bambo Zimba, n'kuchifinya ndi dzanja limodzi. Chinayoyoka ngati mkate wouma. M'chipindamo munamveka "aa-aa!" ndipo ena anagwira pakamwa. Ndinati ndapambana. Kenako bambo Zimba anafunsa funso lija la masiku onse: ndi masukulu ati ali ndi kalasi m'chigafa? Ndinakweza dzanja. Ndinatembenuka, ndinapeza ndili ndekha. Nkhani ya nyumba za aphunzitsi itabwera, manja anadzaza chipinda.

"A Mwale, nkhani yanu yatikhudza tonse," anatero bambo Zimba akupukuta tebulo lawo. "Koma dongosolo mukulidziwa. Tiyiika poyamba pa msonkhano wa teremu ikubwerayi."

Ndinaimiriranso, ndinati chiswe sichidziwa za teremu. Anthu anaseka, osati monyoza, koma mmene amasekera mwana akanena zanzeru. Tinapemphera, tinabalalika.

Mphepo inandipeza panjira. Kunada kum'mawa, fumbi linanyamuka m'minda yonse yogaulidwa, ndipo ndinathawira pakhonde la golosale ina mpaka mvula itadutsa. Sinakhalitse. Dera lija ndi lathyathyathya, moti ukamachokera ku Chamama denga la chigafa unkaliona uli kutali, lisanaoneke lamalata la sukulu. Tsikulo ndinayang'ana pamalo pake, ndinangoona thambo. Ndinataya njinga m'matope n'kuyamba kuthamanga, ngati kuti miyendo ikanaposa matayala.

Zimene zinachitika anandiuza anzanga. Mayi Kamanga atamva mitanda ikulira anatulutsa ana onse kupita nawo pamvula. Ali panja, ana anakuwa kuti Esinati watsala. Esinati anali mwana wa tenanti wochokera ku Phalombe, ndipo masiku amenewo ankadzuka m'bandakucha kukathandiza makolo ake kuthirira nazale ya fodya, choncho ankakonda kugona kumbuyo kwa kalasi, mutu atatsamiritsa pa phanda. Mayi Kamanga anabwerera m'kati. Chigafa chinagwa iwo ali m'katimo. Anthu anawatulutsa mayiwo amoyo, chiuno chitathyoka. Esinati anamupeza pansi pa mtanda waukulu, ndipo sanadzukenso.

Makolo ake analibe njira yopitira ndi maliro ku Phalombe, ndiponso mvula inali itagwa, fodya ankafunika kuwokeredwa. Eni mudzi anawapatsa malo kumapeto kwa manda awo, kumene amaika alendo. Bambo Zimba anabwera pamaliropo ndi oimira onse a zoni. Ine ndinali nditawakonzera bambo Zimbawo mawu oopsa, koma nditawaona akuperekera fosholo kwa okwirira manda, mawuwo ndinawasiya. Munthuyo sanabe kanthu, sananame. Anangotsata dongosolo, ndipo icho ndi chimene chimandiopsa mpaka lero.

Bungwe silinadikirenso teremu. Komiti ya boma lonse inapita kwa akuluakulu a zamaphunziro, inabwererako, inapitanso, mpaka njerwa zinafika ndipo zipinda zinamangidwa. M'zoni mwathu tinagwirizananso chinthu chatsopano: nkhani ya denga, khoma kapena chimbudzi choti chingagwere mwana siikwezeredwa manja. Imapita tsiku lomwelo, ndipo mphunzitsi akatulutsa ana m'chipinda choopsa popanda chilolezo, bungwe limaima naye akamafunsidwa. Anthu amandiyamikira kuti ndinalimbikira nawo pa lamulo limeneli. Sindisangalala nako kuyamikirako, chifukwa ndimadziwa amene analigula.

Ndakhala woimira aphunzitsi m'masukulu angapo kuchokera nthawi imeneyo, ndipo bungwe ndimalikondabe. Popanda ilo mphunzitsi wa kumudzi alibe pakamwa. Koma aphunzitsi atsopano akandifunsa za ntchitoyi ndimawauza kuti manja ambiri amatiuza vuto la anthu ambiri, satiuza vuto limene lipha munthu mawa. Ukapezeka wakweza dzanja wekha, usalitsitse chifukwa cha manyazi. Mpaka pano mphepo ikayamba ndili m'kalasi, ngakhale ya njerwa ndi malata, ndimasiya choko n'kuyenda kupita kumbuyo kukaona ngati pali amene wagona. Ana amaseka, amati aphunzitsi a Mwale amaopa mvula.

Mayi Kamanga sanaphunzitsenso. Makolo a Esinati anakolola fodya wawo, anasoka, anayanika m'chigafa china, ndipo atagulitsa anakwera lole kubwerera kwawo. Sitinamvenso za iwo. Kuno chaka chilichonse mvula isanagwe mabanja amapita kukalambula manda a abale awo, aliyense ndi khasu lake. Chaka choyamba manda onse anayera, kupatula amodzi ang'onoang'ono kumapeto, amene udzu unali utafika m'mawondo. Analibe mwini. Kuyambira pamenepo amene amakalambula ndi ife aphunzitsi, ndipo aliyense amene wasankhidwa kukhala woimira sukulu ya chigafa ija, asanapite ku msonkhano wake woyamba, timayamba tamupatsa khasu.