Tsiku Limene Achemwali Anakana Kundimenya Mbama

Kanali kachitini ka polishi wa nsapato, kophwanyika pang'ono pachivindikiro, ndipo m'kati mwake munkakhala njere za malambe. Achemwali anga anabwera nako kuchokera ku Lirangwe, kumene anakhala zaka zinayi akulera ana a amalume. Zaka zinayi zimenezo ndi zimene zinawadulitsa sukulu panjira, moti atabwerera kwathu ku Chileka anadzakhala nane kalasi imodzi, Sitandade 2, iwo ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ine zisanu ndi zinayi. Inali nthawi ya Chitaganya, m'chilimwe, dothi likuotcha kumapazi, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa.

Masamu amene ndinadzatchuka nawo mpaka kusekondale anayambira m'kachitini kameneko. Tikaweruka, achemwali ankasesa pakhonde n'kuyala njere zija m'mizere, monga amalume ankayalira njerwa padzuwa asanaziotche. "Mizere inayi, uliwonse zisanu ndi imodzi. Werenga." Ndikawerenga, ankandigwira mapewa n'kundizunguliritsa. "Tsopano yang'ana cham'mbali. Mizere isanu ndi umodzi ya zinayizinayi. Zachuluka kapena zachepa?" Sizinachuluke, sizinachepe. Ndinkaseka ngati ndaona matsenga. Palibe mphunzitsi anandionetsapo chinthu chimenechi, ngakhale mmodzi, pa zaka zonse zimene ndinapera matako pabenchi.

Kusukulu kunali kwina. M'mawa uliwonse, pemphero likangotha, kunkabwera mento, masamu a m'mutu. Tinkaima pamzere, anzeru kutsogolo, ena kumchira. Aphunzitsi ankafunsa m'Chingerezi chimene ife tinkachimva ngati miyala ikugubuduka m'ndowa: "Seveni taimusi eyiti!" Kenako ankagogoda tebulo ndi rula katatu. Go, go, go. Kugogoda kwachitatu kukakupeza usanayankhe, walephera, ngakhale yankho litafika kale pamlomo. Funso limapita kwa wotsatira, ndipo nthawi zambiri linkayambira kumchira. Ndipo lamulo lake linali ili: wokhoza amenye mbama onse amene alephera. Aphunzitsi ankati mbama imatsegula mutu.

Imatsegula mutu! Ndakula tsopano, ndagwira ntchito ndi anthu amitundumitundu, sindinaonepo mutu umene unatseguka ndi mbama. Ndinangoona makutu akutuluka mafinya.

Sabata yoyamba yomwe, aphunzitsi anamva njere zikulira m'thumba la diresi ya achemwali. Analanda kachitini kaja, n'kukakweza m'mwamba kuti tonse tikaone. "Mtsikana wamkulu chonchi akuwerengera zakudya za anyani!" Kalasi inaseka. Inenso ndinaseka, ndisabise. Kachitini kanakaponyedwa m'chimbudzi.

Achemwali sanali mbuli. Ankangofuna nthawi. Funso likabwera, ankayamba kulitembenuzira m'Chinyanja, kenako n'kuyala mizere yawo m'mutu, ndipo pofika pamenepo rula yagogoda kale katatu. Ine ndinali ndi lilime lopepuka, ndinkaloweza matebulo ngati nyimbo ya kutchalitchi. Ndiye mukudziwa kale amene ankamenya, ndi amene ankamenyedwa. Pafupifupi m'mawa uliwonse ndinkayenda kuchokera kumutu kwa mzere mpaka kumchira, n'kuimirira ndi zala za kumapazi kuti dzanja lifike pa tsaya la munthu amene anandibereka kumsana ndili khanda. Ndikamenya monyengerera, aphunzitsi ankati, "Sinamveke. Bwereza." Ndipo kangapo konse, tsaya likuyakabe, ndinkawamva achemwali akunong'ona yankho lolondola, lofika mochedwa, lopanda ntchito.

Ndinayesa kuchenjera. Tsiku lina ndinalakwitsa dala, ndinati bola timenyedwe tonse. Amene anakhoza anali mnyamata wina wamkulu woweta ng'ombe, manja ngati mpini. Anatimenya tonse, koma achemwali anawamenya mwakuti khutu linalira mpaka Lamlungu. Pobwerera kunyumba achemwali anandikoka kolala. "Iwe, usadzachitenso zopusazo. Uziyankha bwino. Dzanja lako ndi laling'ono." Taganizani zimenezo. Mwana wa munthu kupempha mlongo wake kuti azikhoza masamu n'cholinga choti mbama izikhala yopepuka. Ndiwo maphunziro amene tinkayendera mtunda wonse uja osavala nsapato.

Lero ndikamva mphunzitsi akudandaula kuti ana amadana ndi masamu, amaopa masamu, ndimafuna kumugwira pakhosi. Mwana sabadwa akudana ndi nambala. Amagawana mango ndi anzake osalakwitsa. Amadana ndi rula yako, ndi kuseka kwa anzake, ndi chilankhulo chimene ukumufunsira. Mupatse njere zake, mufunse m'chinenero cha amayi ake, kenako utseke pakamwa pakopo udikire. Kudikira basi. Kodi n'kodula?

Aphunzitsi athu aja mwina nawonso anaphunzira ndi mbama, mwina ankaopa mzungu woyendera sukulu amene ankafuna mayankho othamanga. Anthu andiuzapo zimenezo. Ndamva. Sindinawakhululukire.

Sukulu yathu inali pansi pa njira ya ndege zotera pabwalo la Chileka. Ndege yaikulu ikamabwera, zonse zinkaima. Phokoso lake linkalowa m'mimba, fumbi linkagwa kuchokera kudenga la udzu, ndipo ngakhale aphunzitsi ankangoima kukamwa kuli pululu mpaka idutse.

M'mawa wina, mitambo itayamba kusonkhana koma mvula isanagwe, aphunzitsi anabwera atakwiya ndi zakwawo ndipo anatulutsa funso loposa matebulo athu. "Seventini taimusi sikisi!" Anayamba ndi ine. Nyimbo yanga inkathera pa thwelofu, kupitirira apo kunalibe chimene ndinaloweza. Ndinathamanga m'mutu n'kulavula nainte thuu. "Ima pomwepo!" Funso linatsika ndi mzere. Go, go, go. Go, go, go. Ena ankangotchula nambala iliyonse, ena ankangoyang'ana pansi. Linafika kumchira. Aphunzitsi anakweza rula, n'kugogoda kamodzi, ndipo ndege inafika.

Ndinatembenuka. Achemwali anali atatsinzina, zala zikuyenda pa diresi, mzere ndi mzere. Fumbi linkagwera patsitsi lawo. Sindikudziwa kuti ndege imatenga nthawi yotani kudutsa, mwina yokwanira kumwa kapu ya madzi. Phokoso litatha anatsegula maso.

"Handiredi ndi thuu, aphunzitsi."

Aphunzitsi analemba pabolodi, n'kuwerengera okha. Inali yomweyo. Munthu wamutu akanaima pamenepo n'kudzifunsa kuti, kodi mtsikanayu chasintha n'chiyani lero? Yankho linali litangodutsa pamwamba pa denga, likulira kuti dziko lonse limve. Koma ayi. Anafunsa kuti, "Wakuuza ndani?" Akanawauza ndani, pamene kalasi yonse inali italephera?

Kenako anati, "Chabwino. Menya. Yamba ndi mlongo wako wanzeruyo."

Achemwali anabwera mpaka pamene ndinaima. Ndinamva fungo la utsi wa m'khitchini pa diresi yawo. Ndinakweza tsaya n'kuluma mano. Anandiyang'ana, kenako anapinda manja kumbuyo.

"Sindimenya, aphunzitsi."

"Wati chiyani?"

"Samuyo ndakhoza. Koma sindimenya."

Aphunzitsi anasiya rula n'kutenga ndodo ya pakona. Anawakwapula achemwali kasanu kumiyendo, tsiku lokhalo limene anakhoza mento. Sanalire. Anatola sileti yawo n'kutuluka, dzuwa lisanakwere n'komwe.

Titaweruka ndinawapeza atakhala pamwala kumtsinje, akuthira madzi pamikwingwirima. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandimenyere, pamene ine ndinali nditawamenya kosawerengeka. Anandiyang'ana cham'mbali.

"Dzanja langa ndi la khasu. Ukanagwa."

Amayi sanapite kukafunsa kusukulu. Aphunzitsi omwewo ndi amene ankalalikira Lamlungu, ndiye ndani akanawatsutsa? Amayiwo anangoti mwana wamwano sukulu sangaithe, ndiponso mutu wake ndi wouma kale, kuli bwino abwerere ku Lirangwe kumene ali ndi ntchito. Mawu akuti "mutu wouma" anawanena akupeta, osakweza n'komwe maso. Uthenga unapita kwa amalume. Loweruka amalume anafika ndi njinga, thukuta lili chuchuchu, nati kwawo uvuni wa njerwa ukudikira ndipo wowerenga mizere mosaphonya ngati mtsikanayu alibe. Amayi sanaimve mfundo imeneyo. Panalibe anaimva.

Achemwali sanapondenso m'kalasi. Ine ndinapitirira, ndinavala nsapato, ndinakalemba mayeso a kusekondale, anthu n'kumati m'banja mwathu wanzeru ndine.

Koma Loweruka limenelo sindinawatsanzike. Amayi anandiitana kawiri, achemwali kamodzi. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe, ndikumva tcheni cha njinga chikulira kutsetsereka ndi njira. Ndinali nditakwiya kwambiri. Ukanagwa, ati. Ine kugwa? Ndinaponda mwamphamvu, miyendo tang'a, n'kudzimenya ndekha patsaya, kenako mwamphamvu kuposa apo, kuti ndione. Sindinagwe. Ndinalumbira kuti akadzabwera pa Khirisimasi ndidzawauza, adziwe kuti anandinyoza pachabe.