Galu wa Amalume ndi Ukwati wa ku Chongwe

Tinanyamuka ku Palabana Loweruka m'mamawa, ine, amalume anga a Banda, ndi Jeki. Amalume anasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga, ndipo Jeki ndi galu wophunzitsidwa amene amawatsogolera, wovala lamba wokhala ndi chogwirira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Misozi, ankakwatiwa ku Chongwe m'ma 10 koloko. Amalume ankafuna chinthu chimodzi basi: kumupereka pamaso pa abusa ndi dzanja lawo. Galimoto imene tinalonjezedwa inakana kulira, choncho tinalunjika pa siteji, amalume atatchena suti yonunkhira mankhwala a njenjete.

Kondakitala wa minibasi yoyamba anatithamangira ngati abale ake. "Lowani, ba mudala, ni K30 chabe!" Ataona Jeki, mano onse anabwerera m'kamwa. "Ah, galu ayi. Galu sakwela."

"Mwana wanga, uyu ndiye maso anga," anatero amalume mofatsa. "Lamulo yoteteza olemala ikana kunisala."

"Lamulo siyikwela basi, ba mudala. Koma nikuthandizeni. Timumange mendo na nthambo, timuike kumbuyo monga mbuzi."

Ndinasuzumira m'kati: pansi pa mpando panali mbuzi yeniyeni itaononga kale, nkhuku zitatu, ndi thumba la kapenta lonunkha mpaka kumsewu. Zonsezo zinali ndi ufulu wokwera. Mayi wina anakoka chitenje chake n'kunena kuti, "Ise tavala za kuchechi, musatiletele nthata." Galu amene amasamba kawirikawiri kuposa kondakitalayo! Ndinamuuza kondakitalayo zimenezo pamaso, ndipo sindikupepesa. Minibasi inapita, yachiwiri inatikananso, yachitatu sinaime n'komwe.

Nthawi itapita ndithu, anatimvera chisoni ndi dalaivala wa kalole konyamula mkaka kopita ku Chalimbana. "Ngati simuopa fumbi, kwelani," anatero, ndipo ndalama anakana. Amalume anakhala kutsogolo, Jeki atadzipinda pamapazi awo, ine kumbuyo pakati pa zigubu. Msewu wafumbiwo unandigwedeza mpaka chiwindi. Wigi yanga inafika ku Chalimbana itasanduka yofiira.

Kumeneko tinagula zitumbuwa ndi chakumwa cha munkoyo, poti m'mimba munali mutayamba kudandaula. Wogulitsayo anaponyera Jeki chitumbuwa, iye osachiyang'ana n'komwe.

"Galu wanu ni wamatama, ka?"

"Ali pa nchito, amai," anayankha amalume. "Akaleka kuona njila chifukwa ca citumbuwa, ine nigwela mu mugodi."

Mayiyo anaseka, koma woyendetsa takisi amene tinamupeza pamthunzi sanaseke. Ena ankalipira K20 kukafika ku Chongwe. Ife anatitchula K200, akuti yotsukira mipando. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimulalatire, koma amalume anandigwira mkono. "Tamara, msiye. Mwana aniyembekeza." Tinalipira. Njira yonse anayendetsa atatsegula mawindo, akulavula kunja ngati wanyamula nyama yowola.

Tisanafike pa tchalitchi tinamva nthungululu. Amalume anamva ine ndisanamve.

"Asiliza," anatero.

Anali atamalizadi. Abusa anadikira mpaka kutopa, poti panali ukwati wina masana, ndipo amene anaimirira kupereka mwana anali mng'ono wa amalume. Ndinali ndisanaonepo amalume akulira, ngakhale tsiku limene dokotala anawauza kuti maso apita. Apa anaima pafumbi, misozi ikudontha pa tayi, Jeki atawatsamira mwendo.

Misozi anationa, anakweza diresi n'kuthamanga, nagwada pansi osasamala zoti ndi loyera. Amalume anamusisita chophimba kumutu, masaya, mpaka anapeza mphete pachala. Anaigwira nthawi yaitali.

Kenako tinapita ku holo ya madyerero. Pakhomo, bambo wina wa komiti, maluwa ali pachifuwa, anatambasula mkono. "Ba shikulu, imwe lowani. Galu asale panja, muli vakudya."

Anayankha ndi mkwatibwi, mokweza kuti holo yonse imve: "Atate anga asala kale panja kamozi lelo, cakwana. Ngati galu salowa, na ine sinilowa. Mudye mweka keke yanu."

Mkono uja unatsika. Jeki anatsogolera amalume pakati pa matebulo, osanunkhiza mbale ngakhale imodzi, mpaka pampando wa bambo wa mkwatibwi.

Anthu anaomba m'manja, koma ine mtima sunatsike, ndipo mpaka lero sunatsike. Ndinaphunzira kuti kwathu kuno ufulu wa munthu wosaona umadikira wachibale wolusa kuti augwirire ntchito. Ndipo pa chithunzi chopereka mwana chimene chili pakhoma kwa Misozi, waima pambali pake ndi munthu wina.