Dzina la a Kang'ombe linadukira pakati

Sabata ino ndachita manyazi, abale, ndipo sanathebe.

Kupatula kulemba kuno, ndimapanganso mawebusaiti. Kalabu ina ya alimi a mtedza ku Nsaru inandipempha kuti mlimi aliyense akhale ndi tsamba lake, kuti ogula a m'tauni aziona mtedza wake asananyamuke. Ndinapanga, anthu anandiwombera m'manja.

Nditapitakonso Lachiwiri, bambo Kang'ombe, mmodzi wa alimiwo, anandiimitsa pakhonde la golosale. Ogula anali ataimbira anzawo onse, iwo okha ayi.

"Achimwene, akuti akadina dzina langa sipakutuluka kanthu. Kodi mtedza wanga walakwanji?"

Nditayang'ana pafoni, vuto ndinaliona pompo. Adiresi ya tsamba lawo inkadukira pa kachizindikiro kali pakati pa g ndi o, seva yosunga masambawo n'kumafunafuna munthu wotchedwa Kang. Pali kapulogalamu kakang'ono kamene kamasandutsa zizindikiro zoterezi kukhala manambala amene seva imamva. Ine sindinakaikemo.

Mukuganiza kuti ndinavomera? Ayi ndithu. Ndinati, "Bambo, dzina lanuli ndi lovuta pa kompyuta. Bwanji tingolemba Kangombe?"

Anasisita chishalo cha njinga yawo. Kenako anati, "Chabwino, odziwa ndinu. Bola mtedza ugulidwe."

Akanandikalipira, bwenzi zili bwinoko. Koma munthu wamsinkhu wa bambo anga anavomera kudula dzina la makolo ake chifukwa cha ulesi wanga.

Kodi ndife angati amene timatero? M'maofesi, a Ng'oma amatuluka ali a Ngoma, n'kuthokozanso. Seva ikamaonetsa nthawi ya kunja, yotsalira ndi maola awiri, timauza anthu kuti aziwonjezera okha m'mutu, eti. Tikalephera kukonza makina, timakonza munthu.

Nditafika kunyumba ndinakonza. Kunali kungowonjezera mzere umodzi wokha wa kapulogalamu kaja, tiyi asanazizire n'komwe tsamba linatseguka, dzina lili lathunthu. M'mawa mwake ndinaimba foni kuti ndipepese. Anayankha ndi akazi awo.

"Apita kumsika. Galimoto ya ogula inadutsa kale, ndiye mtedza akukagulitsa kwa mavenda. Koma zikomo, ndiwauza kuti dzina lakhala bwino."

Anandithokozanso, abale. Inu mukanayankha chiyani?