Tsiku Limene Fani Inasiya Kulira

Fungo la fodya wouma limandibwezera ku kashopu ka bambo anga pa Nsaru, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Kanali kashopu ka njerwa zootcha, pakati pa chigayo ndi telala, ndipo pa tebulo panali kompyuta yakuda imene bambo anagula kwa munthu wochokera ku Joni. Ndi imeneyo ankaikira anthu nyimbo m'mafoni ndi kukonza makhadi a ukwati. Kuseri kunali chipinda chopanda zenera mmene ankasungamo mabelo a fodya wa kumunda kwathu mvula ikatha, podikira lole yopita ku okushoni. Khoma la pakati silinkafika kudenga, choncho fumbi la fodya linkatsika mwakachetechete n'kudzakhala pa tebulo, pa galasi la kompyuta, ngakhale m'tsitsi langa.

Phokoso linayamba m'nyengo imeneyo, mphepo yozizira itangoyamba kuwomba. Poyamba linkamveka m'mawa mokha. Bambo akayatsa kompyuta, m'kati munkalira kanthu ngati nkhululu, kenaka n'kukhala chete. Pasanapite nthawi kulirako kunasanduka kukukuta, ngati chigayo chikameza mwala, ndipo tebulo lonse linkanjenjemera pansi pa zigongono zanga. Bambo ankamenya m'mbali mwa kompyuta ndi chikhatho, phokoso n'kuleka pang'ono, n'kuyambiranso. Ine ndinkakhulupirira kuti m'menemo munatsekeredwa chinthu chamoyo chimene chinkafuna kutuluka. Ndikaweruka kusukulu n'kudzakhala pa mpando wa bambo, ndinkapinda miyendo kuti isayandikire mabowo a kumbuyo kumene kunkatulukira mpweya wotentha.

Loweruka lina kunabwera amalume a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi, amene ankakonza makompyuta mu tauni ya Lilongwe. Anamasula chivundikiro cha m'mbali, ndipo ine ndinasuzumira ndili kumbuyo kwawo. Munalibe chilombo. Munali mawaya amitundumitundu ndi fumbi lofiirira lounjikana ngati ubweya. Amalume anayatsa kompyuta ili chotsegula, nagwira ndi chala fani yaing'ono ya pakati kwa kamphindi. Inaima, koma kukukuta kunapitirira. Anaimitsanso fani ya kumbuyo, osasintha kanthu. Kenaka anakhudzitsa nsonga ya sikuludiraiva pa kabokosi kotuwa ka pakona, naika khutu pa chigwiriro chake. Anakhala choncho nthawi yaitali atatsinzina.

"Vuto lili umu, alamu," anatero amalume powongoka. "Bokosi ili ndi pawa sapulayi, ndi limene limagawa magetsi. Fani yake yadyeka. Mugule bokosi lina lonse."

Bambo anati fani ndi fani basi, angoimasula aithire mafuta a makina osokera. Amalume anapukusa mutu. Anati bokosilo silitsegulidwa chisawawa chifukwa limasunga magetsi ngakhale mutazimitsa, ndipo fani ikadzaima, za m'katimo zidzapsa. Ponena zimenezi anayang'ana pamwamba pa khoma, kumene kunkaonekera masaka a mabelo. Bambo anayankha kuti amva, adzagula fodya akagulitsidwa. Amalume atapita, bambo anakapempha mafuta kwa telala, nawadonthezera m'mabowo a kumbuyo ndi kaudzu.

Kwa masiku angapo kompyuta inangong'ung'udza pang'ono, ndipo bambo ankaimba mluzu. Koma kukukuta kutabwerera kunabwerera ndi ukali. Tsopano kunkakwera ndi kutsika ngati munthu wobanika, ndipo mpweya wa kumbuyo unkanunkha mafuta otentha. Lole ya fodya inkangolonjezedwa, osabwera. Amayi, amene ankagulitsa mandasi tsidya la msewu, anasiya kulowa m'shopu. Ankangoima pakhomo, kumvetsera, n'kubwerera ku beseni lawo.

Tsiku la msika bambo anamva kuti mwini lole waoneka ku Kabudula, ndipo anaganiza zomutsatira pa njinga yamoto. Ine ndinali nditadziwa kale kuika nyimbo m'mafoni, choncho anandisiya pa mpando. Poopa akuba m'chipwirikiti cha msika, anatseka chitseko cha zitsulo ndi loko kunja, kiyi n'kuika m'thumba mwawo. Anthu ankandipatsira mafoni m'mipata ya zitsulozo. Ndinkadzimva wamkulu zedi.

Dzuwa litapendeka, kukukuta kunakula mpaka mnyamata wina amene ankadikira foni yake anabwerera m'mbuyo akuseka. Kenaka kunamveka kuti khwe, ndipo kunati zii. Galasi linali likuwalabe, nyimbo zikulowabe m'foni. Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri ndinamva bwino mawu a ogulitsa kaunjika panja ndi kulira kwa mbuzi. Ndinatambasula miyendo yanga pansi pa tebulo, mtima uli mbee. Patapita nthawi ndinamva fungo ngati la jumbo yoponyedwa pamoto, koma ndinaganiza kuti wina akuwotcha zinyalala kuseri kwa chigayo.

Amayi anabwera ndi mandasi awiri okulunga m'pepala kuti andipatsire pa zitsulo. Dzanja lawo linaima m'malere. Ananunkhiza, napendeka mutu.

"Tadala, fani ija bwanji sikumveka?"

"Yachira, amayi. Yasiya yokha."

Mandasi anagwa pansi. Amayi anagwira loko, naikoka, naikokanso. Nditatsatira maso awo ndinaona kautsi kopyapyala kakutuluka kumbuyo kwa kompyuta, kakukwera pang'onopang'ono kulunjika kumpata wa pamwamba pa khoma.

"Zula pakhoma!" anakuwa amayi. "Zula msanga, mwana iwe!"

Soketi inali pansi, kuseri kwa tebulo. Ndinakwawa m'fumbi, utsi ukundiwawa m'maso, ndipo pafupi ndi khutu langa kabokosi kaja kankathetheka pang'onopang'ono ngati chimanga chokazinga. Pulagi inali yothina. Ndinaikoka ndi manja onse awiri mpaka ndinagwa chagada. Galasi linada. Panja amayi ankagwedeza chitseko chonse uku akuitana anthu, ndipo telala anathamanga ndi hamala. Anamenya loko kangapo isanathyoke. Chitseko chitatseguka, amayi anandigwira pamkono n'kundikokera kunja mwamphamvu, moti zikhadabo zawo zinandisiyira mabala.

Moto sunayake. Amuna ena anatulutsa kompyuta n'kuiika pa mchenga, ndipo amene anakhudza kabokosi kaja anachotsa dzanja msanga. Bambo anafika dzuwa lili pafupi kulowa, napeza anthu adakali chiimire pakhomo. Anayang'ana loko yothyoka, kenaka anayang'ana mkono wanga. M'mawa mwake anakwera minibasi ndi kabokosi kakupsako m'chikwama, ndipo anabwerera ndi amalume atanyamula katsopano. Amalume anakamangirira, napukuta fumbi lonse, ndipo kompyuta inayaka ndi kamphepo kofewa kongomveka ukayandikira. Mabelo anawasamutsira kwa abale kumudzi tsiku lomwelo.

Amayi anakhala masiku angapo osayankhula bwino ndi munthu m'nyumba. Ankandisambitsa okha ngati khanda, kundidzola mafuta pamkono paja, koma nkhope ili gwa, osandiyang'ana m'maso. Ine ndinkaganiza kuti andikwiyira chifukwa ndinapha kompyuta ya bambo, ndipo ndinkayesetsa kutsuka mbale ndi kusesa pabwalo ndisanatumidwe kuti andikhululukire. Lero ndili ndi mwana wamkazi wa msinkhu womwewo, ndipo ndikudziwa kuti za kompyutazo amayi sankaziganiza n'komwe. Anali ataima kunja kwa chitseko, akuona mwana wawo ali m'kati ndi utsi, kiyi ili ku Kabudula, ndipo mantha amenewo anatenga masiku kuti awachoke.